Majezi amene anasoka Esnati

Lachiwiri lapitali kunali mphepo ija ya mu Ogasiti, yonyamula fumbi ndi mapepala apulasitiki n'kukawakoleka pa waya wa mpanda. Lata lina la denga la chipinda chovalira pa bwalo lathu ku Kabwata linkangomenyeka pa mtanda, ndipo kumsewu makondakitala a minibasi ankaitanira anthu opita m'tauni. Wezulo ya kochi yokha ndi imene sinkamveka. Ndinadabwa, chifukwa nthawi imeneyo timu imakhala itayamba kale kuthamanga.

Kenaka ndinamva fungo la nsalu yopsa.

Inu amene mumawerenga tsamba lino mukudziwa kuti kalabu yathu ya ragibi yakhala ikudwala. Kale tinkaopedwa. Lero tili pansi penipeni pa ligi, ndipo atichenjeza kuti tikangolephera kubweretsa timu yokwanira pa masewera ena alionse, atichotsa. Osewera abwino anapita ku makalabu a ku migodi. Chaka chino kwabwera wapampando watsopano, ba Sakala a ku Kabulonga, munthu wakhama amene walonjeza kuidzutsa kalabuyi. Wapeza kochi, watchetcha udzu, wagula majezi atsopano.

Ine ntchito yanga ndi yaing'ono. Chipumireni pa ntchito, ndimasunga majezi, kupopa mipira ndi kutunga madzi a osewera. Kale tinkaigwira awiri. Mkazi wanga Esnati ndiye ankachapa majeziwo kwathu ku Chelstone ndi kusoka mong'ambika. Ragibi ndi masewera ogwirana, jezi imakokedwa ngati chingwe cha pachitsime, choncho iye ankapita ku Kamwala kukagula ulusi wolimba wobiriwira, n'kumabwereza msoko pakhosi ndi m'khwapa. Esnati anatisiya chaka chathachi chisanayambe. Singano yake ndi ulusi wotsala ndimayenda nazo m'thumba la jekete.

Kuseri kwa chipinda chija ndinapeza osewera atazungulira diramu loyaka moto. Munali majezi akale, onse amene anadutsa m'manja mwa Esnati. Kaputeni wathu Mulenga, chimphona cha munthu, ankawatembenuza ndi chitsulo. Mulenga ameneyu atangofika mu Lusaka kuchokera ku Kitwe anagona pa balaza pathu mpaka atapeza nyumba.

Atandiona anakweza dzanja.

"Ba Tembo, imani pamene apo. Mu chipinda musangene, na majezi yanyowani musayagwile."

"Ndalakwa chiyani, Mulenga?"

"Simunalakwe, ba mdala. Koma kuchokela pamene bamayi banamwalila, ise sitiwina. Bantu bakamba kuti sibanakusambikeni. Manje manja yanu yagwila vonse: mpila, manzi, majezi."

Wina kumbuyo anati, "Olo mpila ukafika kuli ba Tembo umaphwa weka." Ena anaseka pang'ono, kuseka kwa anthu amantha.

Zimene ankanenazo ndi zoona mbali imodzi. Maliro atatha, achibale ena anafuna kuti ndichite mwambo wosambitsa wamasiye, uja amati umachotsa mzimu wa malemu kuti usamutsate. Ndinakana mwaulemu. Abusa anapemphera, akuchikazi anandimasula ndi mawu, basi. Sindinaone chifukwa chosamba kuti ndichotse munthu amene sanandidetsepo.

Ndinaima pamene anandiimika. Mphepo inaulutsa chidutswa cha kolala n'kuchigwetsa pafupi ndi nsapato yanga, ulusi wobiriwira uli phe m'malo mwake, nsalu yozungulira itapsa. Ndinachitola, n'kubwerera kukakwera basi. Kuchokera ku Kabwata mpaka ku Chelstone sindinathe kupemphera.

Ndikufunseni, abale anga. N'chifukwa chiyani chinthu chikayamba kugwa timathamangira kufunafuna munthu wonyamula tsoka?

Kalabu yathu sinayambe kugonja pa maliro a Esnati. Inayamba pamene osewera anaona kuti ragibi yokha siwadyetsa, n'kumafika pa bwalo dzuwa litapendeka, atatopa ndi maganyu. Inayamba pamene timu ya achinyamata inatha ndipo palibe amene anaidzutsa. Koma zimenezi n'zolemera. Zimafuna zaka. Wamasiye ndi wopepuka, mukhoza kumuchotsa madzulo amodzi.

Si pa ragibi pokha. Sitolo ikasowa makasitomala, amayang'ana wantchito amene wangoika maliro. Banja likadwaladwala, amaloza nkhalamba ya kumudzi. Kwaya ikabalalika, amakumbukira mayi amene alibe mwana. Ndipo amene amachita izi si anthu oipa ayi. Ndi anthu amene atopa ndi kugonja. Paja amati mvula ikakuona litsiro siikata, ndipo munthu wovumbwa nthawi yaitali amathawira pansi pa chilichonse, ngakhale pa mtengo wofumbwa.

Lachinayi ba Sakala anandiitana ku ofesi yawo ku Woodlands. Nkhani inali itawafika. Anatseka chitseko okha.

"Ba Tembo, nipatseni maina. Bonse bamene banaimilila pa dilamu paja bayende. Kalabu yanyowani sifuna va mizimu."

"Mukachotsa amenewo, Loweruka musewera ndi ndani?"

"Olo batichose mu ligi. Tizayambila pansi na bantu ba nzelu."

Anandiuza kuti kochi wakana kutchula munthu, poopa kutsala wopanda timu. Mboni yotsala ndinali ine. Ndikatchula, ambiri a timu yathu achotsedwa, Loweruka sitikwana, ndipo kalabu imene Esnati anaisokera zaka zonsezi itha.

Musaganize kuti sindinafune. Maina anali pa lilime, ndipo la Mulenga linali patsogolo. Chidutswa cha kolala chinali m'thumba, ndikuchipsinya. Koma nditawayang'ana ba Sakala ndinaona kuti nawonso ayatsa diramu lawo. Anyamata anafuna kudzutsa kalabu potentha majezi, wapampando akufuna kuidzutsa potentha anyamata. Aliyense akufuna moto, chifukwa moto umagwira ntchito mwachangu ndipo umaoneka patali. Wosoka ndani?

"Ndinawaona onse," ndinatero, "koma maina sindikupatsani."

"Muziba kuti bakuchitani chipongwe? Bachita chipongwe na bakazi banu."

"Ndikudziwa bwino kuposa inu, ba Sakala."

Kenaka anati ndidzabwere ku masewera monga mwa masiku onse, ndipo amene adzandiletse adzayankha kwa iwo.

Loweruka ndinapita, koma m'chipinda sindinalowe. Chilolezo cha wapampando sichichotsa mantha a munthu. Ndinakhala kumapeto kwa benchi, ndipo mpata pakati pa ine ndi osewera osungira unali woti n'kugonapo munthu. Madzi anatunga okha.

Ndinazindikira kuti sindikudziwa chopempherera. Tikapambana, adzati moto wagwira ntchito, ndipo wamasiye wina kwinakwake adzaimikidwa pakhomo ngati ine. Tikagonja, adzati n'chifukwa ndabwera. Ndinangoti, Ambuye, asavulale.

Chigawo choyamba chili pafupi kutha, osewera atagwirana mapewa n'kumakankhana, mdani anakoka Mulenga. Jezi yatsopano ija inang'ambika kuchokera m'khwapa mpaka m'chiuno, nambala n'kulendewera. Woyimbira masewera anamuuza kuti sabwerera m'bwalo ndi chisanza chotero, chala cha munthu chikhoza kukodwamo. Majezi atsopano anagulidwa ongokwanira, ndipo a pa benchi anali aang'ono, osalowa pa chifuwa chake. Masiku onse zikatere timatenga jezi yakale. Akalewo anali phulusa kuseri kwa chipinda.

Pa nthawi yopuma Mulenga anaima ndi jezi m'manja, thukuta likutsika, akuyang'ana kochi, akuyang'ana anzake. Onse ankadziwa chimene chili m'thumba la jekete langa.

Ndinatulutsa singano, n'kulowetsamo ulusi. Sindinamuitane.

Anayenda pang'onopang'ono, n'kuima patali ndi ine, dzanja litatambasuka theka. Ndinaona kuti akufuna kuiponya pa benchi kuti manja athu asakumane.

"Ayi, Mulenga," ndinatero. "Ndipatse m'manja."

Wina kumbuyo anamunong'oneza kuti asatero. Woyimbira anali atayamba kuyang'ana wotchi. Mulenga anaiika jezi m'manja mwanga.

Msoko wanga si wa Esnati. Ndi wokhota, wotalikirana, koma ndinaubwereza monga ankachitira iye. Mulenga anavala, ulusi wobiriwira uli poyera pa nthiti zake, n'kuthamangira m'bwalo.

Tinagonja, ngakhale kusiyana kwa zigoli kunali kochepa. Tikadali mu ligi, chifukwa timu inakwana. Msoko sunamasuke.

Sindikuuzani kuti zonse zakonzeka. Palibe amene wapepesa. Ena akukhulupirirabe zimene ankakhulupirira Lachiwiri, ndipo ba Sakala akadali okwiya nane. Masewera atatha Mulenga anasonkhanitsa majezi akuda onse m'thumba, n'kudzaliika pa mapazi anga. Anangoti, "Ba mdala, ya pa Chiwili," kunena kuti adzawafuna Lachiwiri likubwerali. Sindikudziwa ngati kumeneko kunali kupepesa kapena kusowa wochapa.

Inu amene mukudzutsa chinthu chakugwa, kaya ndi timu, sitolo, kwaya kapena banja, musanayatse moto yambani mwafunsa: kukang'ambikanso mawa, tidzavala chiyani, ndipo adzasoka ndani?

Majeziwo ali pa chingwe kwathu ku Chelstone, mphepo ija ikuwakupiza. Chidutswa cha kolala ndachiika pamene Esnati ankasungira ulusi. Anyamata aja sanandipemphe, koma ndinawakhululukira.