Mota yatsopano, nsomba zowola

Lachiwiri lapitali ndinaitanidwa ku Bangula kukakonza makina oumitsira zovala. Mwawerenga bwino. Oumitsira zovala, kuchigwa kuno, kumene malaya amauma usanamalize kuchapa thalauza.

Eni ake ndi mayi a Zuze, ogulitsa nsomba pamsika. Makinawo anawatumizira mwana wawo Zuze wa ku Joni, ndipo kwa zaka ziwiri ntchito yake inali yokhazikapo wailesi. Ine sukulu ndinalekezera Fomu 2, choncho zakufa zonse za mawaya zimabwera kwa ine.

Nditatsegula kumbuyo, fungo linandibweza. Mamba a nsomba paliponse, mafuta ali nyatinyati pa lamba, mota itapsa yonse bii.

"Mayi, munaikamo chiyani umu?"

"Milamba," anayankha osaphethira. "Mvula yagwa masiku asanu, ng'anjo yowambira ili m'madzi, nkhuni zonse zanyowa. Zuze anati makinawa amaumitsa. Nanga nsomba ndi malaya zisiyana pati? Zonse n'zonyowa."

Ndikanaseka. Koma pakhonde panali madengu atatu a nsomba zotumbula, ntchentche zitayamba kale kuitanizana. Mpamba wawo wonse unali m'madengu amenewo.

Ndinakwera minibasi mpaka ku Ngabu, kwa mnzanga wogulitsa zitsulo zakale, n'kupezako mota yofanana nayo. Pobwera ndinavula lamba, kumasula mabawuti, kumanga tinsanza pa mawaya kuti ndisawasokoneze, kuchotsa yopsayo, kulowetsa inayo, kubwezera lamba pa mgolo. Nditayatsa, mgolo unazungulira mwakachetechete ngati wa m'sitolo.

"Takhuta, mwananga," anathokoza m'Chisena mayiwo, n'kunyamula dengu.

Ndinaligwira. "Mukathiramo izi, mota iyinso ipsa. Ndipo siziuma. Zingophikika n'kunyenyeka."

Anatula dengulo pansi. "Ndiye iwe wakonza chiyani?"



Tiuzane zoona, owerenga. Kodi ndi liti munthu anafika kuno n'kuyamba wafunsa? Mwana ali ku Joni watumiza makina a m'nyumba za azungu kuti anzake aone kuti mayi ake sakuvutika. Alendo a magalimoto oyera amatipeza madzi atasefukira, kutisiyira zimene zawakomera iwo, kutijambula, basi ulendo. Tikapereka dzanja, timalandira. Tikalandira, timathokoza. Kukana mphatso ndi mwano, eti?

Mayi a Zuze sanasowepo poyanika chitenje. Ankasowa ng'anjo ya pamtunda ndi kadenga kosungira nkhuni. Malata anayi basi. Koma malata anayi sawoneka bwino pa foni.

Akuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife tamva m'mimba zaka zonsezi, koma chitseko amatsekula ndi ena, ndipo amatsekula cholakwika.

Nanenso musandiyese wanzeru. Fungo lija linali litandiuza kale kuti mota siipulumutsa nsomba, koma ndinapitabe ku Ngabu. Bwanji? Chifukwa mota ndi chokhacho ndimadziwa. Tsiku lonse lija ndikanalitha pofunafuna nkhuni zouma kwa ophika kachasu, mwina dengu limodzi likanapulumuka. Ndinasankha sipanala, kuti anthu aone kuti wolephera sukulu naye ali ndi mutu. Ine ndi Zuze, kusiyana kwake n'kwakuti iye ali ndi pasipoti.

Lachinayi dzuwa linatuluka, lija loswa mtengo. Linapeza mayi a Zuze akukumba dzenje kuseri kwa nyumba. Madengu onse atatu analowa momwemo. Pabenchi pawo pamsika lero pakhala munthu wina.

Makinawo ali bwinobwino. Wailesi yabwerera pamwamba pake. Ndipo Zuze waimba foni, akuti mwezi wamawa atumiza china chachikulu.

Inu amene muli ndi nambala yake, mumuuza ndani kuti ayambe wafunsa?