Tsache la Mwana wa a Lumo

Pamsewu wopita kumsika aliyense ankawadziwa kuti a Lumo, chifukwa cha kashopu kawo kometera kamene kanapanikizika pakati pa wokonza mafoni ndi wosoka nsapato. Anali munthu wa manja odekha, wotha kumeta mwana wolira osamucheka khutu, kwinaku akutsutsana ndi makasitomala za mpira. Koma chipezekereni mwana wawo wamkazi ndi matenda a shuga, mutu wawo unaima.

Kuchipatala anesi anawauza kuti mwanayo achepetse zotsekemera. Asanatuluke n'komwe, anesi omwewo anawonjezera kuti m'thumba mwake musamasowe maswiti.

"Ndiye adye kapena asadye?" anafunsa a Lumo.

"Shuga akakwera asadye. Akatsika adye msanga."

A Lumo anagwedeza mutu ngati amva, koma sanamve. Tsitsi lilibe zimenezo. Likakula umameta, basi.

Akazi awo ankagwira ntchito kufakitale kumene mafoni amatsala pageti, choncho jakisoni wa m'mawa, kamakina koyezera magazi a pachala ndi nkhani zonse za kusukulu zinagwera a Lumo. Anapita kwa aphunzitsi a mwanayo, mayi wamagalasi wamtima wabwino, n'kuwachonderera kuti mwanayu asatope, asapse ndi dzuwa, asagwe, ndipo akaona chilichonse aimbe foni.

Aphunzitsi anaimbadi. Mwana akayasamula, foni. Akatsamira padesiki, foni. Tsiku lina a Lumo anasiya dalaivala wa basi atametedwa mbali imodzi, nsalu ili m'khosi, n'kuthamangira kusukulu, kumene anapeza mwana ali phee pabenchi la mu ofesi ya ahedi. Atamuyeza, manambala anali bwinobwino.

Kenako mwanayo anayamba kukana sukulu. Kukacha, yunifomu ili pampando, ankati, "Ababa, ndikumva chizungulire." A Lumo ankayeza, kamakina n'kunena kuti palibe vuto. Wabodza ndani, mwana kapena makina? Anasintha mabatire. Anadzibaya okha chala kuti aone ngati kakugwira ntchito.

"Ana n'ngochenjera, achimwene," anatero wosoka nsapato uja. "Fufuzani, mupeza kuti kuli mayeso a masamu."

Koma mayi ake a mwanayo anati, "Mukamukakamiza n'kukakomoka panjira, mudzati chiyani?"

Masiku ojomba anachuluka mpaka ahedi anatumiza uthenga woti zikapitirira mwanayo abwereza kalasi.

M'mawa wina, atakananso, a Lumo anamutenga kushopu. Ali kalikiliki kumeta, anamuona pagalasi atatola tsache, akusesa tsitsi pansi, akuimba chamumtima, mpaka kukankha benchi yekha. Chizungulire chija panalibe.

"Siya, mwanawe, utopa."

Mwanayo anaponya tsache pansi, misozi ili mbwee.

"Nanunso ndinu chimodzimodzi."

Kasitomala atatuluka, zinatuluka zonse. Kusukulu ankamutchula kuti Dzira. Sankasesa, sankathamanga, pabuleki ankakhala pafupi ndi tebulo la aphunzitsi anzake akulumpha chingwe panja. Anzakewo ankaopa ngakhale kumukhudza. Tsiku limene kalasi yonse inalangidwa chifukwa cha phokoso, iye yekha anatsala m'kati, chonsecho analongolola nawo.

"Ndiye chizungulire chija n'chabodza?"

"Nthawi zina chimakhalapo."

"Nthawi ziti?"

"Sindidziwa, ababa."

A Lumo anakhala pampando wa makasitomala, n'kumadziyang'ana pagalasi. Iwo ankayesa kuti akuteteza mwana.

Mawa lake anavala malaya abwino n'kupita kusukulu, mwanayo ali pambuyo.

"Aphunzitsi, ndabwera kudzapempha kuti mwanayu azisesa."

Aphunzitsi anavula magalasi. "Si inu munati asatope?"

"Ndine."

"Ndiye atope?"

"Pang'ono."

"Pang'ono pakepo n'potani, bambo? Akagwa ali m'manja mwanga, mudzandiyang'ana bwanji?"

A Lumo anaona kuti mayiyu nayenso ankagona ndi mantha omwewo. Anatulutsa foni, naimbira anesi aja, n'kuiika patebulo kuti onse amve. Anesi anati mwanayo azithamanga ngati anzake, bola ayezedwe kaye ndipo adyeko kanthu. Akayamba kunjenjemera kapena kutuluka thukuta lozizira, apatsidwe maswiti pompo, ngakhale m'kati mwa phunziro, ndipo akapanda kusintha amuthamangitsire kuchipatala. Aphunzitsi anafunsa mafunso ambiri kuposa a Lumo. Ena mwa mayankhowo a Lumo sanawatsatire bwino, koma mwanayo ankangovomera ngati amazidziwa kale.

Kujomba sikunatheretu. Panali masiku a kuchipatala, ndi masiku ena amene a Lumo ankaimirira pakhomo, chikwama cha mwana chili m'manja, osadziwa choti akhulupirire. Koma masiku ambiri ankapita.

Patapita milungu ingapo foni inalira, makina ometera ali m'manja. A Lumo anaiyankha msangamsanga.

"Wakomoka?"

"Ayi," anatero aphunzitsi. "Shuga anatsika pabuleki, anadya maswiti n'kubwerera kukasewera."

"Nanga mwaimbiranji?"

"Mwana wanuyu walowerera. Akulongolola kwambiri m'kalasi, ndipo lero wakankhana ndi mnzake pamzere. Mumulankhule."

A Lumo anabweza foni m'thumba pang'onopang'ono.

"Nkhani yabwino kapena yoipa?" anafunsa kasitomala.

"Kaya," anatero a Lumo. "Weramani pang'ono."