Ndinatsekera mkamwini wanga mu utsi wa galimoto

Chala changa chomwechi chinatsala pang'ono kusandutsa mwana wanga mkazi wamasiye. Ndikulemba mtima uli m'malo chifukwa munthuyo ali moyo, akudya, akupita kuntchito. Koma inu owerenga ndimvereni, mwina wina apulumukirapo.

Ndinabwera kuno ku Doha kudzalera mdzukulu wanga Tadala. Mwana wanga ndi namwino pakiliniki ina ku Al Sadd, ndipo amuna ake, bambo a Tadala, ndi injiniya. Amachita lendi ku Al Markhiya, nyumba yokhala ndi galaja yogundizana ndi khitchini. Ine sindikhulupirira munthu, ndipo sindibisa. Ndinagulitsa kaunjika pamsika zaka zambiri, ndipo ndinaona kuti amene akukusekerera kwambiri ndi yemwe maso ake ali pachikwama chako. Chitseko chikakhala chotsekula ine mtendere ulibe. Ana ankandiseka kuti amayi, kuno kulibe akuba, ine nkumati akuba salembedwa pamphumi.

Mkamwini wangayo ndi munthu wofatsa, koma ali ndi nthenda imodzi: galimoto yakale ya ku America, yamphuno yaitali, zitseko ziwiri basi. Anaigula itakhala zaka padzuwa, utoto utasuluka, mipando itang'ambika, mchenga uli thoo mu injini. Inabwera itanyamulidwa pa lole. Ndinati mumtima, munthu wophunzira chonchi kukagula chiphapha! Koma iwo Lachisanu lililonse, poti kuno ndilo tsiku lopuma, ankaswera m'galajamo. Anaphwasula injini yonse, kachitsulo kalikonse kutsuka ndi burashi nkukayala pansalu ngati mbale za alendo. Zina ankaitanitsa ku America nkudikira milungu. Thupi lake analikwecha ndi sandipepa mpaka manja kutuluka matuza, kenaka anaipopera utoto wofiira.

Zonsezi ndinkaonera pakagalasi ka chitseko cha kukhitchini. M'galajamo sindinkalowa. Kwathu mpongozi sayandikira mkamwini, samuyang'ana m'maso, samukhudza. Tinkapatsana moni wa patali, ndipo ndikakhala ndi mawu ndinkadzera mwa mwana wanga.

Munthu amene ankandisowetsa tulo anali Yusufu, dalaivala wa nyumba yoyandikana nayo, mMalawi wa ku Mangochi. Akangoona galaja yotsekula ankaima pamsewu, manja kumbuyo, kufunsa ichi ndi icho. Ine ndinkati kunja kuno woopsa si mlendo ayi, koma mnzako wa kwanu, chifukwa ndiye amadziwa kokapereka nkhani zako.

Tsiku loliza injini koyamba linali Lachisanu masana, mwana wanga ali pa shifiti. M'mawa ndinamva bambo a Tadala akuuza akazi awo kuti injini yomangidwa kumene ikangolira siyenera kuzimitsidwa msanga, imafunika ilire mwamphamvu kwa kanthawi kuti zitsulo za m'kati zizolowerane. Anakweza chitseko chachikulu cha galaja mpaka pamwamba, chija chokwera ndi kutsika ndi limoti. Galimoto inali italowa chamutu, kumbuyo kwake kuli kumsewu. Ine ndinkaona ngati atsekula kuti anthu aone.

Italira, abale inu, makapu ananjenjemera m'kabati. Bambo a Tadala anali kutsogolo, boneti ili m'mwamba, mutu uli mu injini, makutu atatseka ndi zotchingira phokoso. Anthu odutsa anayamba kuima. Kenaka ndinaona Yusufu akutulutsa foni nkuyamba kujambula. Mtima unandiwira. Ndinaiona kale vidiyoyo itafika kumudzi, achibale akuuzana kuti a ku Doha alemera, ansanje akuyamba zawo. Kupita kukawagwira paphewa akamwini kuti taonani, sindikanatha. Koma limoti inali pamsomali m'khitchini momwemo. Ndinadina.

Chitseko chinatsika mpaka pansi. Iwo sanachione chifukwa boneti inawatchinga, sanachimve chifukwa cha phokoso, ndipo magetsi a m'galajamo anali oyaka. Ndinadziyamikira kuti ndachita zanzeru popanda kuphwanya mwambo, nkupita kukasambitsa mwana.

Inu owerenga, ine ndinkadziwa kuti mbaula ya makala salowa nayo m'nyumba yotseka. Ndinapitako kumaliro a anthu amene anagona ndi mbaula osadzukanso. Koma sizinandibwerere m'mutu kuti utsi wa galimoto umapha chimodzimodzi.

Ndikumupukuta Tadala, belu linayamba kulira osalekeza, kenaka wina nkumamenya chitseko cha galaja ndi manja. Ndinasuzumira pazenera. Anali Yusufu.

"Mayi, tsekulani galaja! Utsi uwapha achimwene m'menemo! Yala, yala, fulumirani, tsekulani!"

Ndinamuyankha kuti apite akajambule magalimoto a abwana ake. Mwaona uchitsiru wanga? Ndinkati ndi machenjera ofuna kumaliza vidiyo yake.

"Walahi mayi, foni iyi tengani, muiphwanye ngati mukufuna. Tangosuzumirani!"

Ndakumana nawo akamberembere ambiri, koma sindinaonepo wina akupereka foni yake. Ndinagoneka mwana pakabedi kake nkuthamangira pakagalasi kaja. Munthu woima munalibe. Ndinaona mapazi okha, pafupi ndi tayala lakutsogolo.

Ndinadina limoti, nkutsekula chitseko cha kukhitchini. Fungo linandimenya ngati khofi, maso kuyabwa. Za chipongozi zija sindinazikumbukire nkomwe. Ndinawagwira m'khwapa nkuyamba kukoka, koma munthu wamkulu wolefuka amalemera. Yusufu anakwawa pansi pa chitseko chisanathe kukwera, anazimitsa injini, nkuwagwira miyendo. Tinawagoneka panja pamthunzi. Iye anaimbira ambulasi, Chingerezi ndi Chiarabu kusakaniza, ine ndikuwakupiza ndi chitenje, ndikuitana dzina lawo lenileni limene ndinali ndisanalitchulepo chikwatirireni mwana wanga. Anatsekula maso ambulasi isanafike, nkusanza. Sindinasangalalepo ndi masanzi a munthu ngati tsiku limenelo.

Kuchipatala anawaika pa mpweya. Dokotala anauza mwana wanga kuti tikanachedwa pang'ono, bwenzi tikunena zina. Anatinso magalimoto akale otere utsi wake ndi woopsa kuposa wa atsopano, ndipo munthu amangomva mutu ndi tulo, osadziwa kuti akupita.

Mwana wanga anayamba kulusira chitseko. Ankati mawa lomwe akaonana ndi alandilodi, chitseko chanji chotsika chokha. Kenaka anati kapena alipo anachiseweretsa panja. Ndinaona kuti mlandu ukulowera kwa Yusufu. Ndikanatha kukhala chete, palibe anandiona. Koma ndinagwada pafupi ndi bedi, Tadala ali kumbuyo, nkunena kuti ndinatseka ndine, ndipo ndinafotokoza chifukwa chake.

Mwana wanga anangogwira pakamwa. Bambo a Tadala anasuntha chija cha mpweya nkulankhula nane mwachindunji koyamba.

"Amayi, dzukani, zachitika basi. Halasi, nkhani yatha. Koma tandiuzeni, kukhitchini kuja imamveka bwanji injini? Simunamveko kugogoda?"

"Inu bambo a Tadala," anatero mwana wanga, "mwangobwera kumene kumanda, ndiye muyambire injini?"

Tinaseka misozi ili mbwembwe. Ndinawauza kuti inkalira ngati bingu, kugogoda sindinamve. Anatseka maso akumwetulira. Anatuluka m'chipatala ali bwinobwino, kungoti mutu unawavuta masiku angapo. Kwa Yusufu ndinapita ndekha kukathokoza ndi kupepesa. Kuti ndinasiya kukayikira anthu, ndinganame. Mawindo ndimatsekabe. Koma chinthu chimene sindikuchidziwa sindichikhudzanso.

Tsono inu amene muli ndi magalaja, kaya kuno kaya kumudzi, musalize injini m'malo otseka, ngakhale kwa kanthawi, ngakhale kunja kutenthe bwanji. Ndipo auzeni onse a m'nyumba chifukwa chimene mwatsekulira, musaganize kuti akudziwa. Kwa amayi anzanga obwera kudzalera zidzukulu, mukaona chitseko chotsekula pamene munthu akugwira ntchito, funsani kaye. Ngati mwambo ukukuletsani kumuyandikira, ndipo palibe womutuma, pitani nokha mukamugwire paphewa. Ndi bwino akuneneni kuti ndinu mpongozi wopanda manyazi kusiyana nkuti mukwere ndege yobwerera kwanu, mwana wa eni ake ali m'bokosi pansi panu.