Muzu wa Mlulu pa Puloti ya a Howard

Ku Lirangwe kulibe amene sawadziwa a Ethel omweta udzu. Mayi wamfupi, mikono yodzaza zipsera za tsekera, pakamwa pakuthwa ngati lumo. Sukulu anailekezera sitandade fili, koma pa nkhani ya udzu, ee, ngakhale alangizi a zaulimi ankawavulira chipewa. Ankadziwa kuti tsekera wabwino wofolera watsala m'zitunda za cha ku Mdeka basi, kuti pomera nsenjere chimanga sichikana, kuti kaufiti akatuluka m'munda ndiye kuti nthaka yatopa. Wina akabwera pamsika ndi mtolo wosakaniza ndi nansongole, ankamuuza pamaso: "Kafolereni khola la nkhumba."

Munthu mmodzi yekha ndi amene ankawatseka pakamwa, mkamwini wawo a Howard, mphunzitsi wa kupulayimale amene anakwatira Doreen, mwana wawo yekhayo. Kwathu kuno mpongozi sayang'anana m'maso ndi mkamwini. Akakumana panjira a Ethel ankapatukira kutchire, moni ankapereka atagwada chapatali, nkhope itayang'ana kumbali. Ambiri anazisiya kalekale zimenezi, koma iwo ankati ulemu suola.

Mu Okutobala 2021 a Howard anapeza puloti ku Chileka, ndipo Doreen anatenga amayi ake kuti akaone. Osaka mbewa anali atatentha tchire lonse, pansi pali bii, pouma gwa. A Ethel sanayang'ane ndege zimene Doreen ankawalozera. Anawerama, anazula kachitsa kopsa, nkununkhiza muzu wake. Mlulu! Anayenda mapazi khumi nkuzulanso. Mlulu womwewo. Chakumunsi kunali zitsa za bango.

"Iwe Doreen, pano mpogona madzi. Mlulu sumera pouma. Ukawauze amuna ako asamange pano."

"Amayi, njerwatu awotcha kale. Bwanji osawauza nokha? Si awo ali apowo?"

A Howard analidi pomwepo, akukoka chingwe ndi amisiri. A Ethel anawayang'ana kumsana, anatsegula pakamwa, nkutsekanso. Mayi wotha kulalatira msika wonse osaphethira! Anamanga muzuwo kunsonga ya chitenje nkukakwera minibasi, ndipo atafika kwawo anausomeka patsindwi.

Doreen anakanena ndithu, koma mwa chikazi cha pabanja, mozungulira. Anati amayi akuti mwina pamachitako chinyezi. A Howard anaseka nati awonjezera simenti pamaziko. Nkhani inathera pomwepo.

Nyumba inamangidwa, koma dzinja loyamba makoma ananyowa mpaka m'mawondo, a Howard nkupakapo penti. A Ethel ankapita kukaona mdzukulu wawo Pempho, kamtsikana ka zaka zitatu, ankaona kamlulu katatuluka kuseri kwa bafa, ankakazula mwakachetechete ngati akuba. Mtima unkawawawa, koma pakamwa pali tseke.

Kenaka mu Malichi 2023 inabwera mvula ya Freddy ija, masiku atatu osakata. Lolemba masana a Howard anatenga Pempho kupita naye kusukulu kumene anthu ankathawira, Doreen nkutsala kuti alongedze zofunda. Madzi sanachokere kumtsinje ayi, anatumphuka pansi pa nyumba pomwepo. Khoma la kuchipinda linafewa kunsi nkugwera mkati. Pomwe anthu ankamaliza kuchotsa njerwa, Doreen anali atazizira kale.

Pamaliro ena anati nchifuniro cha Mulungu, ena ananong'ona za ufiti. A Ethel sanalire mokweza, ndipo anthu anawanena kuti ngouma mtima. Chaka chimenecho sanamwete udzu ngakhale mtolo umodzi.

Mu Juni a Howard anafika ku Lirangwe, ataonda, jekete ikulendewera. Anakhala pansi pa mtengo wa mango chapatali monga mwa masiku onse, nkutuma a January, achimwene awo a Ethel, kuti akapereke mawu. A January anawoloka bwalo nati: "Akuti maziko aja akadali olimba. Akufuna amangenso pomwepo, Pempho akhale ndi pogona."

A Ethel anadzuka, analowa m'nyumba, nkutuluka ndi kanthu m'manja. Anadutsa a January osawayang'ana, anakakhala pansi pamaso penipeni pa mkamwini wawo, mawondo kutsala pang'ono kugundana. A Howard anasowa koyang'ana.

"Ndiyang'aneni, bambo a Pempho. Uwu ndi muzu wa mlulu. Umamera pokhala madzi basi. Ndinauzula pa puloti panu musanayale njerwa ndi imodzi yomwe, inu muli apo mukukoka chingwe. Mukamanganso pamenepo mukwirira Pempho."

A Howard anautenga muzu woumawo.

"Nanga bwanji simunandiuze, amayi?"

"Ndinkakupatsani ulemu," anatero a Ethel, ndipo apo mpamene analira.