Khoma Kuseri kwa Sitolo

M'zaka za m'ma 1980 ndinali telala pakhonde la sitolo ina ku Katete, m'mbali mwa msewu waukulu. Eni sitolowo anali Msilamu wobadwira ku Malawi, munthu woonda, wolankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa khanda. Ine ndine wolongolola, ndiye tinkagwirizana bwino, iwo ali phee, ine pakamwa osatseka.

Masiku amenewo shuga, sopo ndi saladi, mafuta ophikira aja, zinkasowa koopsa. Lole ikafika sinkaima kutsogolo ayi, inkazungulira kuseri, ndipo kuseriko n'kumene akuluakulu a m'maofesi ankatumiza madalaivala awo kukanyamula mabelo athunthu. Amayi ochokera ku Mkaika, ena mpaka ku Sinda, ankapsa ndi dzuwa pamzere, kenako n'kuuzidwa kuti katundu watha. Watha bwanji lole yangofika kumene? Ndinkapalasa makina ndi ukali mpaka kuthyola singano.

Amalonda a m'tauni, Asilamu ndi Akhristu omwe, anakumana n'kugwirizana kuti katundu azitsitsidwa pakhonde aliyense akuona. Pakamwa onse anavomera. Koma kuseri ankatsegulabe, chifukwa ogogodawo ndi omwe ankasayina malaisensi a masitolo.

Lachisanu lina, abwana anga, eni sitolowo, atachokera kumzikiti, ndinamva hamala ikulira kuseri. Ndinakawapeza avula mkanjo, apinda buluku, chitseko chili pansi, iwo akuponda dothi.

"Abwana, kwagwanji? Chiswe chadya chitseko?"

"Iyayi, atelala. Tandipatsirani njerwa izo."

Nditazindikira kuti akutseka khomo lonse, mutu unatentha. "Inu, mwapenga? Laisensi yanu ikutha posachedwa, ndiponso ndinu obwera. Akakutsekerani sitolo, ana muwadyetsa chiyani? Nanga ine makina anga ndikaika pakhonde la yani?"

Anasalaza dothi ndi chikhatho. "Munthu akagogoda ine sinditha kumukaniza, mtima wanga ndi wofewa. Ndiye lizimukaniza khomali."

Lole yotsatira inaima kutsogolo, mabelo n'kuunjikidwa pafupi ndi makina anga, amayi akuona ndi maso awo. Posakhalitsa panafika galimoto ya bwana wina wa kumaofesi, yemwe siginecha yake tonse tinkaiopa. Dalaivala anazungulira kuseri n'kubwerako manja ali lende. Bwanayo anatsika, kukadzionera yekha, n'kubwera pakhonde nsapato zili matope.

"Khomo lili kuti?" anafunsa.

"Ndi lino, bwana," anayankha eni sitolo mwaulemu wonse. "Mzere wayambira pamtengo wa mango paja."

Bwanayo anangoti, "Mudzandipeza ku ofesi," n'kumenyetsa chitseko cha galimoto.

Abwana anga anakapereka pempho la laisensi, koma osayankhidwa. Ine ndinkakalipira eni masitolo ena akamadutsa: "Amantha inu! Munagwirizana nonse, lero mwamusiya mnzanu afe yekha!" Ankangoyang'ana pansi, wina mpaka anandilanda malaya ake ndisanamalize kusoka.

M'mawa wina ndinazungulira kuseri kukataya phulusa la simbi. Mayo ine! Kuyambira sitolo yathu mpaka kumapeto kwa mzere wa masitolo kunalibe khomo ndi limodzi lomwe. Kwina njerwa zowotcha, kwina zidina, kwina dothi likadali lonyowa zala zikuonekera. Ngakhale wondilanda malaya uja anali atamata kwake. Ndinaima kukamwa kuli yasa, simbi ndili nayo m'manja. Ndinali nditawatukwana anthu amenewa, ndipo palibe anandiuza kanthu.

Kutseka sitolo imodzi n'kosavuta, koma akuluakulu a m'maofesiwo akanatseka onse, sopo akanakagula kuti? Laisensi inatuluka.

Lole inabweranso m'mwezi wosala wa Asilamu. Pamzere ndinaona akazi a bwana wa kumaofesi uja, ambulera ili kumutu, nkhope ili ndwii. Kumbuyo kwawo kunali akazi a eni sitolo ndi dengu lawo, chifukwa nawonso tsopano analibe polowera pena. Mzere unayenda, mulu wa shuga ukuchepa, ine makina nditawasiya. Paketi yomaliza inagwera akazi a bwana.

Akazi a eni sitolo aja anafika patebulo n'kutambasula dzanja.

"Abwana," ndinanong'ona, "ngakhale kamodzi simunawasungire?"

Sanandiyang'ane n'komwe. Anauza akazi awo ndi mawu omwe aja otsitsa, "Watha, mayi. Lole ina ikamabwera mudzalawirire."

Amayiwo anagwedeza mutu, n'kukolekera dengu lopanda kanthu pamkono. Dzuwa litalowa anamasula kusala ndi tiyi wopanda shuga, ndipo anandiitana kuti ndimwe nawo. Ine amene sindisowa chonena, ndinangolandira kapu ndi manja awiri n'kumwa mpaka kutha.