Galu ali ndi dzina, agogo anga alibe

Lachiwiri ndinaperekeza amayi aakulu, a Rozaliya, ku boma kukaona zithunzi zakale. Bungwe lina losunga mbiri linabwera nazo kuchokera ku Lusaka, n'kuzipachika mu holo kuti ife eni dera lino la Feira tione mmene tinalili. Amayi aakuluwa ndi mkulu wawo wa malemu mayi anga, amakhala kwa Mphuka, ndipo maso awo ayamba kuchita nkhungu. Anakakamira kuti apite asanatheretu.

Tinayenda pang'onopang'ono, iwo akuyandikiza nkhope pa galasi lililonse. Pa chithunzi china anaima osasunthanso. Panali bwato pa Zambezi, mzungu wa chipewa atakhala pakati, galu ali pamiyendo pake, ndi amuna anayi atagwira nkhafi. Wakumbuyo anali wamtali, dzanja lake lamanzere lopanda zala ziwiri.

Amayi aakulu anagwada pasimenti n'kuyamba kuomba m'manja, monga timachitira kwathu polonjera wamkulu.

"Atata," anatero. "Ni atata aba. Zala zija inadya ng'ona."

Agogo angawo ine sindinawaonepo. Anamwalira mvuu itagubuduza bwato lawo, amayi aakulu akadali kamtsikana, ndipo pabanja pathu palibe amene anali ndi chithunzi chawo. Tsiku limenelo ndi pamene ndinaona kumene ndinatenga mphumi yangayi.

Mtsikana woyang'anira chionetserocho anabwera msangamsanga. Sanali wamwano, ayi. "Ambuya, imani, mwatseka njira. Alendo olemekezeka ali pafupi kufika."

Amayi aakulu anaimirira. Kenaka anandikoka malaya. "Mwana wanga, niwerengeleko apa pansi. Alemba chani za atata?"

Ndinawerenga Chingelezicho n'kumasulira. Panali dzina la mzungu uja, bwanamkubwa, maina onse atatu ndi udindo wake. Panali dzina la galu, Bisiketi. Mawu otsiriza anali akuti "ndi opalasa bwato a m'derali".

Basi. Amuna anayi, aliyense ndi mkazi wake, ana ake ndi mfunda wake, onse anakwana m'mawu amenewo.

Amayi aakulu anatchula dzina la bambo awo, napempha kuti alilembepo. Mtsikana uja anafotokoza mwaulemu kuti mawuwo anawakopera momwe alili m'nkhokwe ya zakale, ndipo sangawonjezere dzina popanda umboni wolembedwa. Ndinatulutsa foni kuti ndijambuleko. Anandiletsa. Zithunzizo, akuti, zili ndi eni ake kutsidya la nyanja.

Eni ake! Mwana wa munthuyo ali chiimire pomwepo, mawondo ali mbuu ndi fumbi.

Amayi aakulu sanakweze mawu. Anangofunsa kuti, "Nanga galu uyu anabwela na pepala yabwanji?"

Alendo olemekezeka analowa, ife tinapatuka.

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Mtsikanayo ndilibe naye mlandu, anatumidwa. Amene ndakwiya nawo ndi aja amakonza zionetsero zotere ali mu ofesi, n'kubwera nazo kuno ngati akubwera ndi mankhwala. Amati akutibweretsera mbiri yathu. Mbiri yathu iti, pamene ife tilimo ngati mitengo ya m'mbali mwa mtsinje? Wojambula chithunzicho sanafunse maina a opalasa chifukwa kwa iye sanali anthu oti n'kuwafunsa. Zimenezo zinali za nthawi yake. Koma ife a lero, dziko lili m'manja mwathu, tikukoperanso mwano womwewo, kuuika m'galasi, n'kuitana nduna kuti idzadule riboni.

Kodi chinavuta n'chiyani kuika mpando ndi munthu wa cholembera pakhomo, kuti nkhalamba ikazindikira nkhope, inene? Kuyambira ku Katondwe mpaka pa doko lowolokera ku Zumbo alipo okalamba amene angatchule anthu a m'zithunzizo, ndi midzi yawo yomwe. Sakhala nafe mpaka kalekale. Maliro aliwonse amene timapita, maina ena amakwiriridwa nawo limodzi. Koma kwa anzathu ophunzirawa, mawu a mwana weniweni wa munthuyo si umboni. Umboni ndi zimene mlendo analemba kuseri kwa chithunzi atakhuta tiyi.

Nafenso tisadziyeretse. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mafoni athu adzaza ndi zithunzi za maukwati ndi za nsomba zazikulu, koma ndani wa ife anakhalapo pansi ndi agogo ake kuwafunsa maina a makolo n'kuwasunga? Timadikira lole ya ku Lusaka kuti idzatiuze kuti ndife yani.

Lachisanu zithunzi zija anazipakira, zapita ku boma lina. Kumeneko anthu akaona mzungu, Bisiketi, ndi opalasa bwato a m'derali. Amayi aakulu abwerera kwa Mphuka. Chionetserocho chikadzabweranso, ngati chidzabwere, maso awo adzakhala atatseka.

Pokwera basi anandigwira dzanja. "Iwe umalemba mu nyuzi. Ukalembe."

Ndiye ndikulemba. Wakumbuyo uja, wamtali, wa zala zitatu kumanzere, ndi Zuze Kampira, bambo wa Rozaliya, agogo anga. Atatu enawo ndi a yani?