Tsiku Limene Priska Anasamba Yekha

Aliyense wogula nsomba zouma pamsika wa Bangula amamudziwa Priska, mwana wa a Sebastiano okonza njinga aja. Anzake amayala nsomba zawo za makakana pansi, pathumba, koma iye ake amawaika pabenchi lofika m'chiuno, mwini wake atakhala pampando wautali, msana uli njo. Alendo amaganiza kuti n'kudzikonda. Akadadziwa kumene msana umenewo wachokera, bwenzi atangogula nsomba zawo n'kumapita.

Msanawo unayamba kupindika Priska ali sitandade sikisi. Phewa la kumanja linakwera, nthiti za kumbuyo zinatukuka mbali imodzi, ndipo akasenza ndowa kuchokera kumjigo madzi ankatayikira kumanzere kokhakokha. Anthu sanasowe chonena. Ena ankati mayi ake, a Rosa, anamusenzetsa ndowa akadali wanthete, ena ankatsitsa mawu n'kumati apa pali dzanja la munthu. Priska anakula nazo zonenazo, anasiya sukulu, anayamba kugulitsa nsomba. Koma atakwanitsa zaka makumi awiri mpweya unayamba kumuperewera, moti kaulendo kochoka kunyumba kukafika kumsika kankamupumitsa katatu. Madokotala ku Blantyre anati msanawo ukupanikiza mapapo ndipo susiya wokha. Anamuchita opaleshoni ya tsiku lathunthu, anawongola msanawo, n'kuika zitsulo ziwiri zazitali m'mbali mwake, zomangidwa ndi mabawuti, kuti mafupawo agwirane akhale ngati limodzi.

Pomutulutsa, mayi wophunzitsa mafizo, masewera olimbitsa thupi, anamupatsa malamulo. Kwa miyezi ingapo asawerame, asapotoze thupi, asanyamule cholemera. Mapazi akadzachita dzanzi kapena kufooka, athamangire kuchipatala. Anamuuzanso kuti aziyenda tsiku lililonse, azidzichitira yekha zimene angathe, ndipo akafuna chinthu chapansi azipinda maondo, msana uli chilili. Mayiyo anachita kumuonetsa kawiri konse. Koma makutu a munthu wamantha amasankha zomva. Priska ndi mayi ake ananyamula zoletsa zija mpaka ku Bangula, zololeza zija anazisiya pageti pa chipatala.

Walira mvula walira matope. Msana wowongoka uja, umene Priska anaupempherera zaka zonse, unabwera ndi mantha amene sanawadziwepo ali wopindika. Kwathu kuno moyo uli pansi. Mphasa ili pansi, mafuwa ali pansi, beseni losambira lili pansi, tsache ndi lalifupi, ndipo chimbudzi ndi chonjuta. Bambo ake anamupangira bedi lalitali la mapaipi ndi mpando wobowola pakati wa kuchimbudzi, ndipo pabedipo Priska anagona ngati chipika. Mayi ake ndiwo ankamudzutsa, kumusambitsa, kumupukuta, kumumanga chitenje, ngakhale kumuveka patapata. Iye ntchito yake inali imodzi, kumvetsera msana wake. Akayetsemula ankadikira kuti amve ngati china chake chaguluka mkatimo.

Anthu obwera kudzazonda ankathira mafuta pamoto. Wina anati chitsulo chimafutukuka chikatentha, ndiye ndi dzuwa la kuno kuchigwa asamatuluke panja. Wina anati mvula ikayamba asamale mphenzi, pajatu imakonda chitsulo. Koma chimene chinkamuopsa kwambiri chinachokera kwa bambo ake omwe, ngakhale iwo sanachinene pa za iye. Kuyambira ali wamng'ono ankawamva akuuza anyamata a kabaza kuti njinga yowotcherera imathyokera pomwe anaiwotchererapo. A Sebastiano ataona chithunzi cha mafupa a mwana wawo anawerenga mabawutiwo ndi chala, anapeza khumi ndi asanu ndi atatu, n'kubweza chithunzicho m'envulopu osanena kanthu. Priska anaona kukhala chete kumeneko ndipo anakusunga.

Sabata yachisanu ndi chiwiri, mwezi wa Okotobala uli pakati, foni inalira. A Gilbert, mlongo wawo wa a Rosa, anali atamwalira ku Marka. Chibale ndi fupa, sichiola. A Rosa ananyamuka tsiku lomwelo pamodzi ndi amayi onse a pabanjapo, ndipo monga namfedwa anayenera kukhala komweko mpaka tsiku losesa. A Sebastiano anapita kukaika maliro n'kubwerera madzulo ake. Zosambitsa Priska anasiyira a Esinala, mayi wa nyumba yoyandikana nayo.

A Esinala anabweradi m'mawa mwake, koma anabwera ndi anzawo awiri, ati odzathandiza kugwira beseni. Beseni lake liti lofuna anthu atatu? Atangomuvula, onse anazungulira kumbuyo. Mmodzi anayendetsa chala pachipsera kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno.

"Ndiye zitsulozo zili momwemu?" anafunsa mayiyo. "Ukagogoda zimalira?"

Priska analuma mano mpaka anamaliza kumusambitsa, koma atachoka analira ndi mkwiyo. Bambo ake atabwera kuchokera kumsika anawauza ali kuseri kwa chitseko kuti kuli bwino anunkhe kusiyana n'kuti a Esinala adzamugwirenso.

Kunena n'kosavuta. Okotobala wa ku Bangula sachita chibwana, ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa nkhokwe. Tsiku loyamba Priska anangopukuta kumaso ndi kansalu. Tsiku lachiwiri thukuta linayamba kumuluma m'khwapa ndi m'chiuno. Pofika tsiku lachitatu msana wonse unkayabwa, makamaka m'mbali mwa chipsera, pamene dzanja lake silikanafika popanda kupotoza thupi. Anayamba kuganiza kuti mwina bala latsegukanso, mwina mafinya alowa mpaka kuzitsulo. Kuti adzione sakanatha, ndipo woti amuone panalibe.

A Sebastiano zonsezi ankazidziwa, koma manja awo anali omangika. Mwana wamkazi akatha msinkhu, bambo ake salowanso kuchipinda kwake, samugwira thupi, ndipo za kumuona ali chosavala n'zosatchula n'komwe. Chakudya ankamuikira pampando pafupi ndi khomo. Akamamva bedi likulira pamene mwana wawo ankadzikhula pamatiresi, ankatuluka panja n'kumakayang'ana njinga zimene zinalibe vuto lililonse.

M'mawa wa tsiku lachinayi sanapite kumsika. Analowa m'bafa, kampanda ka bango kuseri kwa nyumba, ali ndi khasu, chikwanje ndi malegeni. Anazika mphanda zinayi n'kupanga kathandala kofika m'chiuno, naikapo beseni. Pambali pake anakumba dzenje lakuya mpaka m'chigongono, anazikamo nsichi ya tsanya, n'kuigwedeza ndi mphamvu zawo zonse kuti aone ngati ingasunthe. Chinkhupule anachimangirira ndi legeni kunsonga ya kamtengo. Atathira madzi m'beseni anakaima pakhomo la chipinda cha Priska, nkhope atalozetsa kumbali.

"Mwananga, madzi ali kubafa."

"Andisambitse ndani, baba?"

"Usamba wekha. Ndakonza zonse, palibe chowerama."

"Nkhabe, baba, sindingathe. Nanga zitsulozi zikathyoka ndili ndekha mmenemo?"

"Ine ndagwira zitsulo zaka makumi atatu. Zija si masipoko a njinga ayi. Sizingathyoke ndi madzi a m'kapu."

"Si inu nomwe mumati chowotcherera chimathyokera powotchererapo?"

"Ndinkanena za njinga," anatero a Sebastiano, koma mawu awo anatuluka opyapyala. Priska anamva kuti nawonso akuopa, ndipo chodabwitsa n'chakuti zimenezo ndi zimene zinamudzutsa. Akanayankhula molimba mtima sakanawakhulupirira.

Anagubuduzika chammbali thupi lonse pamodzi, anatsitsa miyendo, anadzikankha ndi chigongono mpaka anakhala tsonga. Kuchokera pakhomo kukafika kubafa ndi mapazi makumi awiri okha, koma anawayenda ngati akuwoloka Shire pamtengo umodzi. Bambo ake anakakhala pansi pa mtengo wa masawu, atafulatira bafalo.

"Uziyankhula," anamuuza. "Ukakhala chete ndidziwa bwanji kuti uli bwino?"

Priska anamasula chitenje n'kuchikoleka pampanda. Dzanja lamanzere linagwira nsichi, lamanja linatunga madzi ndi kapu. "Ndathira yoyamba," anatero. Madziwo anatsika m'khosi, anadutsa pachipsera, ndipo palibe chinaguluka. "Yachiwiri." Anapaka sopo pachinkhupule, anakweza kamtengo kaja pang'onopang'ono kudutsa paphewa, n'kuyamba kukhula pamene pankayabwa paja. Kukoma kwake kunamutulutsa misozi. Anabweza chinkhupulecho n'kuchiyang'anitsitsa, kufunafuna magazi kapena mafinya, koma panali thovu ndi litsiro basi.

"Bala lili bwino, baba."

"Takhuta," anatero bambo ake kunjako, osadziwika ngati akuthokoza iye kapena Mulungu.

Atatsala pang'ono kumaliza, kamphepo kotentha kanagwedeza mpanda ndipo chitenje chija chinatsetsereka n'kugwera pamiyala, kuseri kwa kathandala. Priska anayesa kuchikola ndi kamtengo, koma manja anali oterera ndi sopo, kamtengo nako kanapulumuka n'kugwera pomwepo. Anaima ali chosavala, akuyang'ana zinthu ziwirizo pafupi ndi mapazi ake. Kwa munthu wina aliyense panalibe nkhani apa.

"Wakhaliranji chete?"

"Chitenje chagwa pansi."

"Usachite kanthu. Ndikaitane a Esinala."

"Ayi, baba. Amenewo ayi."

Anakumbuka mmene mayi wa mafizo uja anachitira. Anagwira nsichi ndi manja onse awiri, anatalikitsa mapazi, anayang'ana kutsogolo, n'kuyamba kupinda maondo. Anatsika pang'ono, anaima, anatsikanso. Atafika pansi anatambasula dzanja limodzi osayang'ana, zala zinakhudza nsalu yonyowa, anaikoka n'kuiponya paphewa. Ndiye pamene anafuna kudzuka, miyendo inakana.

Masabata asanu ndi awiri a pabedi anali atadya ntchafu zake. Anakankha, zinanjenjemera, sizinamukweze. Anakankhanso, ndipo penapake panamveka kuti thwa. Kaya linali bondo, kaya bango la mpanda, iye sanadziwe. Thupi lonse linazizira pakati pa dzuwa limenelo. Anakhala chinjutire, osayerekeza ngakhale kupuma mokoka, kudikira ululu umene unali usanafike. Kenako anamva chimene ankachiopa koposa zonse. Mapazi ake anayamba kuchita dzanzi.

Munthu aliyense amene ananjutapo nthawi yaitali amalidziwa dzanzi limenelo, ndipo Priska yemwe ankalidziwa kuyambira ali mwana. Koma tsiku limenelo mutu wake unangomva mawu a kuchipatala aja. Anadziona atakhala panjinga ya olumala pakhonde, mayi ake akumusambitsa mpaka kukalamba, onse awiri.

"Priska. Priska, yankha."

"Baba, mapazi sindikuwamva."

Kunja kunamveka phazi lothamanga, kenako kupuma kwa munthu pafupi ndi khomo la bafa.

"Ndikulowa, mwananga. Anthu anene zimene anene."

Priska anadziwa tanthauzo la mawu amenewo. Bambo ake, munthu amene sankadutsa ngakhale pafupi ndi chingwe chimene iye wayanikapo zovala zamkati, akanalowa n'kumunyamula, ndipo kuyambira tsiku limenelo sakanadzathanso kuyang'anana kumaso. Anachita mantha ndi zimenezo mofanana ndi mmene ankaopera zitsulo.

"Musalowe, baba. Dikirani."

Anakweza manja n'kugwira nsichi pamwamba. Anakumbatira mtengowo mpaka tsaya linakhudza khungwa lake, anaponda mwamphamvu ndi mapazi amene sankawamva, n'kudzikoka. Dzanja lina pamwamba pa linzake, kenako linanso. Maondo anawongoka pang'ono, anagwedera, anawongokanso. Anabuula ngati mayi pobereka, koma msana sanaupinde. Mwadzidzidzi anapezeka kuti waima.

Anakhala chigwirire nsichiyo, akuyang'ana zala za kumapazi. Analamula chala chachikulu kuti chigwedezeke ndipo chinagwedezeka. Kenako m'mapazi monse munayamba kulasalasa ngati nyerere, magazi akubwerera m'malo mwake. Sanakondwerepo ndi ululu ngati tsiku limenelo. Anadikira mpaka nyererezo zitatha, anafinya chitenje chonyowacho, anachizunguliza m'thupi n'kuchimanga pachifuwa ndi manja ake.

"Ndaima, baba. Ndavala. Ndikutuluka."

Priska atasuzumira pakhomo la bafa anawapeza bambo ake ataima pomwepo, phazi limodzi lili kale mkati. Anali atavula malaya awo n'kudzimanga nawo kumaso mpaka kuseri kwa mutu, manja onse awiri atatambasulira kutsogolo.

"Masulani, baba," anatero Priska.

Anayesa kumasula, koma mfundoyo anali ataimanga kwambiri. Priska anawauza kuti atembenuke. Anakweza manja, msana uli chilili, n'kuwamasula yekha.